Mchira wa Buluzi

Lachisanu lililonse ntchito yopukuta za m'kabati ya pabalaza inali ya Buluzi, ndipo tsiku limeneli ankaigwira mwaubirimankhwe. Anatulutsa matambula asanu ndi limodzi amene sanamwerepo munthu, n'kuwandandalika patebulo. Lililonse ankaliuzira mpweya, kulipukuta, kuliyang'ana powala pazenera, n'kuliuziranso. Atatha mbale zamaluwa zodyera alendo anakwera pampando kuti atsitse chimene chinkakhala pashelefu yapamwamba: lipenga la bambo ake. Linali lopindika pang'ono kukamwa, ndipo batani lake lapakati linkakakamira. Analidonthezera mafuta a makina osokera n'kumalidina, kulidinanso, maso ali pa wotchi ya pakhoma.

Pofika 2 koloko anafunika kukhala ali kuseri kwa shopu yometera ya amalume ake, kumene gulu lawo linkakonzekera nyimbo. Lamulungu masana ankakayesedwa pahotela ina yomwe inkafuna oimba a pakapinga sabata iliyonse. Mu nyimbo yachitatu Buluzi anali ndi danga loimba yekha hamonika, kachoimbira ka pakamwa ka timabowo khumi kamene kanali m'thumba la siketi yake nthawi zonse. Nyimbo zamtundu umenewu zimakwera masitepe khumi ndi awiri n'kubwerera poyambira, ndipo masitepe awiri omalizawo a m'gululo ankawatcha mchira. Pa zaka ziwiri zimene anakhala m'gululi, Buluzi anali asanafikitsepo mchira kumapeto ngakhale kamodzi.

Dzinalo linachokera kwa mayi ake. Amalume atayamba kubwera ndi nyimbo zotchedwa blues, lilime la mayiwo linakana kupinda, moti ankangoti, mwayambanso za abuluzi zanuzo? Mtsikanayo ataphunzira kuziimba, dzina linamumatirira. Linamukhalanso bwino, poti anali munthu wokonda m'mbali mwa khoma, wosayankhula, wongogwedezera mutu aliyense. Ndiye pamene anayamba kumadukiza nyimbo pa sitepe lakhumi, woimba ng'oma wa gululo, chimunthu cha mimba chimene onse ankachitcha Chigubu, ananena kuti palibe chodabwitsa: buluzi ukamupanikiza amakusiyira mchira m'manja, iye n'kulowa m'ming'alu.

Bambo ake anafika kudzadya chamasana zala zili ndi fumbi la mkuwa, chifukwa ankadula makiyi pakhonde la sitolo ya zitsulo. Kale ankaliza lipenga m'gulu la pafakitale ya nsapato, mpaka tsiku limene anagwa panjinga n'kusiya mano anayi akutsogolo pamsewu. Lipenga lopanda mano silimveka. Chiyambire pamenepo nyimbo zawo zonse zinasamukira m'kamwa mwa mwana wawo. Ndi iwo anamuphunzitsa kufumbata hamonika ndi manja awiri, kutseka ndi kutsegula kuti kazilira ngati khanda, monga momwe iwo ankachitira ndi kapu pakamwa pa lipenga. Ndi iwonso anamuphunzitsa kuti liwu limodzi lalitali, logwidwa bwino, limaposa makumi awiri othamangitsana.

Anamulanda lipengalo, n'kuliika pachibwano mwachizolowezi, zala zikuyenda pamabatani osatulutsa mawu. Mchira uja anauimba ndi pakamwa, mawu atatu okwera, lomaliza lalitali mpaka nkhope inasintha. Anamuuza kuti Lamulungu abwera, avala jekete, ndipo akufuna adzamve zimenezo osati kuwayawaya kwa gitala ya mlamu wawo, imene iwo ankaitcha mawaya a mpanda.

"Chinsinsi n'chimodzi, mwanawe," anatero, mawu akuthawira pampata wa mano. "Usanayambe, dzaza chifuwa. Dzaza mpaka nthiti zidandaule. Wamva?"

Buluzi anagwedeza mutu.

Panjira miyendo inkafuna kuthamanga pamene mtima unkafuna kubwerera. Anadutsa pamalo otsukira magalimoto, anaima kuwerenga chikwangwani cha dokotala wa mano chimene anachiwerengapo kambirimbiri, anawoloka msewu, n'kuwolokanso popanda chifukwa. Dzanja linali m'thumba, chala chikuyenda pa timabowo, kuchoka pa koyamba kukafika pa kakhumi n'kubwerera. Mumtima ankaimba mchira wa bambo ake, ukafika pakati n'kusanduka wa amalume, iye n'kuyambiranso.

Chipinda chakuseri kwa shopuyo chinkanunkha sipiriti ndi tsitsi lonyowa. Munali mpando wometera wothyoka chotsamira, galasi long'aluka, ndi matawulo oyanikidwa pachingwe chimene Chigubu ankachigunda ndi ndodo akatengeka. Amalume anali atakhala kale pa sipika, gitala ili pamwendo, chipeso chili m'thumba la malaya. Anali munthu wa zala zosakhazikika. Ngakhale pometa ankadumphadumpha ndi lumo ngati akuthamangitsidwa. Kwa iwo Buluzi anatengako kupinda mawu. Iwo ankakankha waya ndi chala kuti liwu litsetsereke, ndipo iye anafufuza yekha kwa miyezi mpaka anapeza kuti akakoka mpweya n'kutsitsa lilime kumbuyo, hamonika nako kamatsetsereka chimodzimodzi. Tsiku limene anazitha amalume anameta anthu atatu ulere.

Koma mchira wa amalume unali wa mawu khumi ndi asanu ndi limodzi otsika motsatizana, opanda popumira. Gitala ilibe mapapo.

Anayamba nyimbo yachitatu. Wa gitala ya besi ankayenda pansi mwakachetechete, Chigubu akumenya ngati munthu wokhoma denga. Danga lake litafika Buluzi analowa bwino, mawu atatu opindika, kenako limodzi lalitali, manja akutseka ndi kutsegula. Amalume anakwinya nkhope pa lalitalilo. Pa sitepe lachisanu ndi chiwiri chifuwa chinayamba kumulemera. Pa lachisanu ndi chinayi mapewa anali atakwera m'makutu. Pa lakhumi anachotsa hamonika pakamwa n'kutembenukira kukhoma, ndipo masitepe awiri omaliza anadutsa opanda mwini, ng'oma ndi besi zokha.

Anabwereza kanayi. Kachinayiko amalume anatsamiritsa gitala kukhoma mofatsa kwambiri, ndipo aliyense anadziwa kuti zinthu zaipa. Ananena kuti iwo sadana ndi mlamu wawo, koma kuti fanulo yawo ya palafini ija, kunena lipenga, inaimba kale nyimbo zake pamaliro ndi pa zionetsero, isabwere kudzalira m'gulu la eni. Ananenanso kuti pali mnyamata wina woimba kiyibodi amene wakhala akubwera kudzametetsa sabata iliyonse ngakhale alibe tsitsi loti n'kumeta, ndipo aliyense akudziwa chimene akufuna.

"Ndiwe mwana wa mlongo wanga, koma hotela si pakhomo," anatero. "Lamulungu ukasiya mchira, kapena ukandiimbira za abambo ako, danga limenelo ndipereka kwa wa kiyibodi. Mantha akowo uwasiye kunyumba. Tamvana?"

Buluzi anagwedeza mutu. Chigubu, akumanga ndodo zake ndi mphira, anayankhula ngati akuuza ng'oma kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Onse ankati ndi mantha. Bambo ake ankati mpweya umamuthera chifukwa cha mantha, amalume ankati zala, kunena kuti milomo, zimauma ndi mantha. Palibe anamufunsapo, ndipo iye mawu oti afotokozere ankawasowa. Akati atsegule pakamwa, wina amakhala atayamba kale kuyankha.

Loweruka anadzuka thupi lonse likuyabwa ntchito. Anasesa pabalaza posesedwa kale, anaika madzi pamoto n'kuwaiwala, anatuluka panja n'kulowanso asanadziwe chimene amakatenga. Anayesa kuimba m'bafa, koma mwana wa nyumba yoyandikana anayamba kumuyankha ndi mluzu. Mayi ake, amene ankasita mayunifolomu a kuchipatala komwe ankagwira ntchito yokolopa, anamuyang'ana akudutsa kachisanu n'kumuuza kuti ngati miyendo yamuchulukira akwere pampando akatsitse sutikesi ya makatani pamwamba pa wodilopu.

Kuseri kwa sutikesiyo kunali chinthu chokulungidwa m'bulangete lakale. Buluzi ankachidziwa koma anali atachiiwala, monga momwe munthu amaiwalira chipsera cha kumsana. Inali akodiyoni ya mayi ake, yofiira, ya mvukuto womatidwa ndi pulasitala m'makona. Ankaiimba m'kwaya ya amayi iye asanayambe sukulu. Anaitsitsa pamodzi ndi sutikesi, ndipo poiika pabedi inadzitambasula yokha n'kubuula.

Mayi anabwera ndi simbi m'manja kudzaona chimene chalira. Anaseka, anati chimenecho chisiye, chinakalamba kuposa mwini wake. Komabe anaika simbi pansi, anapukuta manja m'chiuno, n'kukoleka malamba m'mapewa. Zala zinayamba mwamanyazi, kenako zinakumbuka. Dzanja lamanzere linkagunda mawu atatuatatu pamodzi, mvukuto ukutseguka ndi kutsekeka, ndipo Buluzi, atakhala pakona ya bedi, anaona chinthu chimene sanachionepo pa lipenga kapena pa gitala: choimbirachi chinkalira pokoka, n'kuliranso pokankha. Chinkapuma ngati hamonika.

Kenako nyimbo inafuna mawu aatali okoka okhaokha. Mvukuto unatambasuka, kutambasuka, mpaka mkono wa mayi unafika pothera. Pamenepo chala chawo chachikulu chinadina kabatani kena kapambali, mvukuto unati fuu, n'kubwerera pakati wopanda liwu, nyimbo n'kupitirira ngati palibe chachitika.

"Kameneko n'kachiyani?" Buluzi anafunsa. Anali mawu ake oyamba tsiku limenelo.

"Aka? Kotayira mpweya. Ukakoka kwambiri chimadzaza, ndiye ungakokenso chiyani? Umayamba wataya." Anadinanso, fuu. "Amene anandiphunzitsa ankati wophunzira amaopa kuperewera, koma chimene chimamugwetsa n'kukhuta."

Anavula malambawo msangamsanga poti simbi inkazizira, n'kubwerera ku mayunifolomu awo.

Buluzi anatsala pabedipo manja ali pachifuwa. Mawu okoma a nyimbo za abuluzi, opindika aja, onse amatuluka pokoka mpweya, osati pouzira. Iye ankakoka kuyambira sitepe loyamba, pamwamba pa chifuwa chimene bambo ake anamuuza kuti adzaze. Pofika lakhumi sankakhala wopanda mpweya ayi. Ankakhala atakhuta, wofufuma ngati chubu cha njinga, wopanda poika ngakhale kadontho kena. Bambo ake, munthu wa lipenga, moyo wawo wonse ankangouzira kunja, ndiye malangizo awo anali oona kwa lipenga. Amalume sanapumirepo gitala. Zaka ziwiri ankamira ndi mpweya pakati pa anthu awiri omukonda.

Anapita kuseri kwa nyumba, pakati pa mashiti oyanikidwa, pomwe panalibe womuona. Anatulutsa mpweya wonse kaye mpaka mimba inamata kumsana, n'kuyamba. Anafika sitepe lakhumi ali ndi malo. Mchira wa amalume unamukanikabe pakati. Wa bambo ake anaufikitsa koma unamveka ngati wobwereka. Anafufuza kabatani kake. Anakapeza m'mphuno: akamauzira timabowo titatu tapansi n'kulekerera mphuno, chifuwa chinkaphwa msanga. Anayesa kugunda timabowo titatuto pamodzi, kukoka, kukankha, kukoka, monga dzanja lamanzere la mayi ake. Anabwereza mpaka milomo inatupa ndipo mashiti anauma, koma mtima sunakhale pansi. Tsopano ankadziwa chochita, ndipo chinali chinthu chimene sanauzidwe ndi aliyense mwa awiriwo.

Lamulungu dzuwa linali la pamutu. Pakapinga pa hotelayo panali maambulera oyera, matebulo achitsulo, ndi ana awiri othamangitsana mozungulira dziwe losambira. Oimba anawaika pakasanja kamatabwa pafupi ndi khomo la kukhitchini, moti operekera zakudya ankadutsa kumbuyo kwa Chigubu ndi mathireyi. Mayi woyang'anira hotelayo anaima patali ndi foni m'manja. Bambo a Buluzi anafika ndi jekete lawo la gulu la pafakitale, lothina m'khwapa, n'kukhala patebulo lakutsogolo ndi botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi. Mayi ake anali pantchito.

Alamu awiriwo anapatsana moni wa mano okhaokha, kwa amene anali nawo. Amalume anafunsa ngati alamu abwera ndi fanulo yawo kuti athandize kukhitchini. Bambo anayankha kuti iwo abwera kudzaona ngati mpanda wa hotela uli ndi mawaya okwanira, poti amva kuti ena asowa. Kenako anakodola mwana wawo, n'kudzimenya pachifuwa kawiri: dzaza. Amalume, akukonza waya, anamuyang'ana n'kuyendetsa zala mwachangu m'mwamba: mawu khumi ndi asanu ndi limodzi. Buluzi anagwedezera uku, n'kugwedezera uko.

Nyimbo ziwiri zoyamba sanazimve n'komwe. Thukuta linkatsika kumsana, phazi lamanzere likugunda nthawi yakeyake. Yachitatu itayamba anawerenga masitepe a amalume akuimba mawu, ndipo atatsala awiri anatembenukira kumbali, n'kutulutsa mpweya wonse. Anaona bambo ake akudzuka theka pampando.

Analowa wopanda kanthu m'chifuwa, ndipo liwu loyamba linabwera lonenepa kuposa masiku onse. Analipinda monga waya wa amalume, n'kulisiya litsetsereke. Lachiwiri analigwira nthawi yaitali, manja akutseka ndi kutsegula. Sanathamange. Pa sitepe lachisanu ndi chimodzi anasiya kampata, ng'oma ya Chigubu n'kuyankha yokha, Chigubuyo n'kudzutsa mutu modabwa. Pa lachisanu ndi chinayi chifuwa chinayamba kulemera monga kale, khoma la kukhitchini likumuitana. Anauzira timabowo tapansi n'kutsegula mphuno.

Chimene sanachiganizire kuseri kwa mashiti ndi maikolofoni. Fuu uja anatuluka m'masipika onse awiri ngati ng'ombe yafwenthera m'madzi. Mmodzi wa ana aja anaima n'kuseka mokweza. Makutu a Buluzi anatentha, koma chifuwa chinali chitapepuka, ndipo mchira unali patsogolo pake. Anaulowa ndi mawu atatuatatu, kukoka, kukankha, kukoka, kukoka, kukankha, wa besi n'kumugwira dzanja panjira, mpaka onse anakagwera limodzi pa sitepe loyamba. Woperekera zakudya wina anagwedeza mapewa akudutsa ndi thireyi. Amalume anachedwa kulowa ndi mawu awo kwa kanthawi kochepa, chinthu chimene chinali chisanawachitikirepo.

Atamaliza nyimbo zisanu, mayi woyang'anira uja anabwera n'kunena kuti abwerenso Lamulungu likudzalo, koma wa ng'omayo achepetse mkono chifukwa alendo amafuna kumvana akamadya. Za hamonika sananenepo kanthu.

Ankalongedza m'kanjira ka kuseri kwa khitchini, pakati pa makreti a mabotolo ndi mabini, pamene alamu aja anayambana. Amalume, akukulunga chingwe pachigongono, anati ntchito yapezeka, inde, koma zimene anamva si zimene anagwirizana. Mchira uja sunali wawo, ndipo kufwenthera pamaso pa alendo si kuimba. Nkhani ya wa kiyibodi, anatero, ikadalipo. Bambo anati mwanayo asanyozedwe, theka loyamba linali lipenga lenileni, aliyense wa makutu wamva. Cholakwa n'chakuti anaiwala kudzaza chifuwa, iwo anamuona ndi maso awo akutaya mpweya ngati wopenga, n'chifukwa chake anadzaphulika pakati. Amalume anati waphulika chifukwa cha mawu aatali a pamaliro. Bambo anati ndi mawaya. Ankalozerana zala pamwamba pa mutu wa Buluzi, iye atatsamira khoma, hamonika ili m'manja, akupukuta malovu ndi m'mphepete mwa bulauzi.

Onse awiri anatembenukira kwa iye nthawi imodzi, aliyense akudikira kugwedeza kwake kwa mutu.

Mutu sunagwedezeke. Anatulutsa kaye mpweya, pang'onopang'ono, m'mphuno.

"Ababa, sindinaiwale. Ndinataya dala." Mawu anatuluka aang'ono, koma m'kanjiramo munali phee. "Lipenga mumauzira. Aka ndimakoka. Mukandiuza kuti ndidzaze, ndimayamba nditakhuta kale, ndiye pofika kumchira ndimakhala ndikumira. Zaka ziwiri zonsezi si mantha ayi. Mantha ndili nawo, koma si amene amandidula."

Kenako Buluzi anatembenukira kwa amalume.

"Amalume, gitala yanu sipuma. Ine ndimapuma. Mawu khumi ndi asanu ndi limodzi aja ngabwino pa zala zanu, ine sindidzawatha, ndipo sindikuwafunanso. Kupinda ndinatenga kwa inu, manjawa ndi a ababa, sindikana. Mchira mwaumvawu ndautenga pamwamba pa wodilopu, kwa mlongo wanu, amene nonsenu simunamufunsepo kanthu za nyimbo." Chigubu anali ataima ndi ng'oma yaikulu pamimba, osasuntha. "Kufwentherako ndikonza, ndizitembenukira kumbali. Koma masitepe khumi ndi awiri amenewo ngati ndi anga, mundisiyire ndizikwera ndekha. Ngati si anga, nenani pompano, wa kiyibodi ayambe kukonzekera. Ndatopa n'kugwedeza mutu."